Atiikira makamera mu ICU: kodi ntchito ya namwino ikulowera kuti?

"Ndine namwino, ndipo ndagwira ntchito zaka zinayi m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene timangochitchula kuti ICU. Akuluakulu a chipatala chathu atiuza kuti posachedwapa aika kamera pamwamba pa bedi lililonse, ndipo madokotala ndi anamwino ena okhala kutali aziona odwala athu pakompyuta usana ndi usiku. Mafomu a pepala anatichotsera kale, zonse timalemba pakompyuta. Kunena zoona, ndili ndi mantha. Kodi anthu amenewa akubwera kudzatithandiza kapena kudzatilonda? Kodi imeneyi si njira yochepetsera anamwino? Palinso chinthu china chimene sindinauzepo munthu aliyense. Sabata yatha, pa shifiti ya usiku, ndinazimitsa alamu ya monita, makina aja osonyeza mmene mtima wa wodwala ukugundira, osayang'ana n'komwe wodwala, chifukwa inali italira kambirimbiri popanda chifukwa. Mwamwayi sipanachitike choipa, koma mtima wanga sunakhazikike mpaka lero. Chonde ndithandizeni."

Zikomo kwambiri, namwino mnzanga, chifukwa cha kalata yanu, makamaka mawu omalizawo, amene ndikudziwa kuti sanali ophweka kulemba. Ndagwira ntchito m'zipinda za odwala mwakayakaya kwa zaka zoposa 20, ndinayamba tikulemba chilichonse pa tchati chachikulu cha pepala ndipo ndinaona makina akulowa limodzilimodzi mpaka kudzaza khoma lonse la kumutu kwa bedi. Ndikukutsimikizirani kuti mantha anuwo si achilendo, ndipo zimene munachita usiku uja sizikusonyeza kuti ndinu namwino wosasamala. Namwino wosasamala sakanavutika mtima sabata yathunthu. Komabe nkhani ya alamuyo sindiichepetsa, ndipo ndiyambira pa iyo, chifukwa ndiyo ingavulaze wodwala mawa lomweli, makamera asanafike n'komwe.

Khutu la munthu linapangidwa mwakuti phokoso limene likubwerezabwereza popanda choopsa chotsatira, ubongo umayamba kulitaya. Si ulesi, ndi mmene thupi limadzitetezera. Vuto ndi lakuti makina a mu ICU amalira kwambiri kuposa mmene munthu aliyense angathe kumvetsera. Mu 2014 ofufuza a ku University of California, San Francisco anasindikiza zimene anapeza atawerenga maalamu onse a mamonita m'zipinda zisanu za ICU kwa masiku 31. Anapeza maalamu oposa 2.5 miliyoni, ndipo omveka ndi khutu okha anali pafupifupi 187 pa bedi limodzi tsiku lililonse. Ataunika bwinobwino maalamu ochenjeza za kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima, anapeza kuti pafupifupi 89 mwa 100 alionse anali abodza. Taganizirani mlonda amene wakudzutsani kakhumi usiku umodzi, ndipo kasanu ndi kanayi konse mwapeza kuti kunja kuli zii. Ulendo wotsatira mudzatembenuka n'kufunda. Koma ulendo umenewo ukhoza kukhala weniweni uja. Bungwe la Joint Commission, limene limayendera zipatala ku United States, linachenjeza mu 2013 kuti pakati pa January 2009 ndi June 2012 linalandira malipoti 98 a ngozi zokhudza maalamu, ndipo mwa amenewa, odwala 80 anamwalira.

Choncho funso loyenera si lakuti mungadzikakamize bwanji kumva alamu iliyonse, koma lakuti mungachepetse bwanji maalamu opanda pake kuti otsalawo akhale ndi tanthauzo. Zambiri mwa izi zili m'manja mwanu. Maalamu ochuluka abodza amachokera pa tizomata ta pachifuwa tija, ma electrode, tikauma kapena tikamatidwa pakhungu la thukuta ndi cheya. Sambitsani malowo ndi sopo ndi madzi, pukutani mpaka paume, dulani cheya ngati chachuluka, ndipo tizomatato muzitisintha tsiku lililonse m'malo modikira kuti timatuke tokha. Wodwala akamanjenjemera, akamakanda pachifuwa kapena mukamamutsuka mkamwa, mzere wa pa monita ukhoza kuoneka ngati mtima wasokonekera koopsa, pomwe iye ali bwinobwino. Chachiwiri, poyamba shifiti yang'anani malire a alamu a wodwala aliyense, ndipo mugwirizane ndi dokotala kuti malirewo agwirizane ndi wodwalayo osati ndi mmene makina anachokera ku fakitale. Munthu wodwala mapapo kwa nthawi yaitali, amene dokotala wanena kuti okosijeni wake akhale pakati pa 88 ndi 92, monita yake idzalira usiku wonse ngati malire ali pa 94, ndipo kulira kumeneko sikukuuzani chatsopano chilichonse. Chachitatu, mukafuna kuchotsa makhololo m'chubu chopumira kapena kutembenuza wodwala, imitsani alamu kwa kanthawi musanayambe, m'malo moilola kulira kenako n'kuizimitsa, chifukwa dzanja limazolowera msanga kuthamangira pa batani. Lamulo limene ndimaphunzitsa anamwino atsopano ndi lakuti maso ayambe afika pa wodwala, kenako pa monita, ndipo chala chifike pa batani pomalizira. Zimatenga masekondi ochepa okha.

Tsopano tibwere ku makamera. Zimene akukuikiranizo zimatchedwa tele-ICU, ndipo ndi mbali imodzi ya telemedicine, kutanthauza kupereka chithandizo cha chipatala munthu ali kutali kudzera m'makina olumikizirana. Si chinthu cha dzulo. Madokotala a mumzinda wa Cleveland anayesa kale m'zaka za m'ma 1970 kuona odwala a ICU ya chipatala china chaching'ono kudzera pa kanema, ndipo m'chaka cha 2000 zipatala za Sentara ku Norfolk, Virginia zinayamba dongosolo lofanana ndi limene lafala masiku ano. Pamakhala chipinda china, mwina mumzinda wina, mmene mumakhala dokotala wa odwala mwakayakaya ndi anamwino odziwa ntchito ya ICU. Patsogolo pawo pamakhala masikirini angapo osonyeza kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, okosijeni, zotsatira za ku labu, mankhwala ndi zonse zimene inu mwalemba. Namwino mmodzi wa kumeneko kawirikawiri amayang'anira odwala 30 kapena kuposerapo, pomwe inu wa pabedi mumakhala ndi mmodzi kapena awiri. Akaona chokayikitsa amayatsa kamera, amalankhula nanu, kapena amaitana dokotala. Inunso mukafuna thandizo mumadina batani pakhoma. Zipatala za Emory ku Atlanta zinafika potumiza ena mwa antchito awo ku Perth, Australia, kuti aziyang'anira odwala a ku Atlanta usiku iwo ali masana, maso ali gwa, m'malo molimbana ndi tulo.

Kodi zimathandizadi odwala? Yankho loona ndi lakuti nthawi zina zimathandiza, nthawi zina ayi, ndipo kusiyanako n'kumene kuli ndi phunziro kwa ife anamwino. Kafukufuku wa ku UMass Memorial ku Massachusetts, amene anatuluka mu 2011, anapeza kuti imfa za m'chipatala mwa odwala a ICU zinatsika kuchoka pa 13.6 kufika pa 11.8 peresenti atayamba tele-ICU, ndipo antchito anayamba kutsatira bwino njira zopewera chibayo cha pa makina opumira, magazi kuundana m'mitsempha ndi zilonda za m'mimba. Koma kafukufuku wina wa m'zipatala za ku Texas, wa mu 2009, sanapeze kusintha kwenikweni, ndipo kumeneko madokotala a pamalo analola a kutali kuchitapo kanthu mokwanira pa wodwala mmodzi yekha mwa atatu alionse. Mu 2024 kunatulukanso zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku Brazil, wokhudza ma ICU 30 ndi odwala oposa 17,000, mmene dokotala wa kutali ankatsogolera zokambirana za odwala tsiku ndi tsiku, ndipo masiku amene odwala ankakhala mu ICU sanachepe. Mmene ndimazionera ine, kamera payokha sichiza munthu. Phindu limaoneka pamene magulu awiriwa agwirizana momveka kuti ndani achita chiyani, akhulupirirana, ndipo pabedi pali manja okwanira ochitira zimene zalangizidwa. Uphungu wabwino wochokera kutali umangothera m'malere ngati namwino wa pabedi ali ndi odwala anayi ndipo sangachoke pamene ali.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Usiku woyamba umene mawu anatuluka pa sipika ya pakhoma n'kundifunsa ngati ndaona kuti mutu wa bedi watsika, ndinakwiya mumtima. Ndinali nditautsitsa dala posintha nsalu, ndipo ndinamva ngati munthu wosadziwa thukuta langa akundiphunzitsa ntchito. Patapita miyezi ingapo, ndinali ndi odwala awiri, ndipo mmodzi anayamba kutaya magazi pabala la opaleshoni, moti kwa nthawi yaitali maso ndi manja anga onse anali pa iyeyo. Namwino wa kutali anandiitana modekha n'kundiuza kuti wodwala wanga winayo mtima wake wakhala ukukwera pang'onopang'ono kwa maola anayi, mkodzo ukuchepa ola lililonse, ngakhale kuti palibe nambala imene inali itadutsa malire a alamu. Ndinapita kukamuona, tinaitana dokotala, ndipo tinayamba chithandizo cha matenda a m'magazi usiku womwewo m'malo modikira kuti kuche. Apa m'pamene makina ndi munthu wokhala phee patsogolo pa sikirini amaposa ife a pabedi: amaona kusintha kwa pang'onopang'ono kumene munthu wothamangathamanga sangakuone, chifukwa iye amaona nambala ya panopa osati ulendo wa nambalayo.

Koma ndilinso ndi chitsanzo cha mbali inayo, ndipo ndicho yankho langa pa funso lanu lakuti kodi ntchito yanu idzatha. Wodwala wina manambala ake onse anali abwino, ndipo a kutali analibe chodandaula. Ndikumutembenuza ndinamva kuti mawondo ake ndi ozizira, khungu la pamenepo lachita mawangamawanga, mimba yauma gwa, ndipo munthu amene masana ankandigwira dzanja tsopano ankangokoka nsalu mosakhazikika. Nditatsegula chofunda ndinamva fungo limene namwino aliyense wa ICU amalidziwa, la chimbudzi chakuda cha magazi. Monita inadzayamba kulira patapita nthawi, ife titaitanitsa kale magazi. Thupi la munthu, makamaka wachinyamata, limatha kusunga kuthamanga kwa magazi pamalo abwino kwa nthawi ndithu pomwe mkati zinthu zikuipa. Kamera sikhudza, sinunkhiza, sitembenuza wodwala, sichotsa makhololo, sipopa mpweya ndi ambu bag, kathumba kofinya ndi manja pothandiza wodwala kupuma, chubu chikatuluka, ndiponso simva kunjenjemera kwa dzanja la munthu wochita mantha. Zimene a kutali akudziwa zokhudza wodwala wanu, zambiri ndi zimene inu mwayeza, mwaona ndi kulemba. Popanda inu, iwo ndi akhungu theka.

Izi sizikutanthauza kuti mantha anu a kuchepetsedwa kwa anamwino alibe maziko. Makinawa ndi odula, ndipo nthawi zonse pamakhala chiyeso chakuti oyang'anira chuma abweze ndalamazo pochepetsa anthu, n'kumanena kuti poti pali maso owonjezera, namwino mmodzi angathe kutenga odwala atatu. Maganizo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse, chifukwa tele-ICU imawonjezera maso koma siwonjezera manja, ndipo kawirikawiri imachulukitsa ntchito ya manjawo poti zinthu zambiri zimaonedwa msanga ndipo zimafuna kuchitidwa msanga. Funsani poyera, pamsonkhano wa wodi, ngati chiwerengero cha odwala pa namwino mmodzi chisintha, ndipo pemphani kuti yankho lilembedwe. Palinso vuto lina limene anthu salitchula kawirikawiri: anamwino amene amatengedwa kukakhala ku chipinda cha kutali amakhala omwe aja odziwa ntchito kwambiri, ndiye wodi imatsala ndi achinyamata okhaokha. N'zoona kuti ntchito ya kutaliyi yasunga m'unamwino anzathu ambiri amene msana unawakana kunyamula odwala, ndipo namwino watsopano amapeza womufunsa pakati pa usiku mopanda manyazi. Komabe pali zinthu zimene munthu amaphunzira pokhapokha ataima phewa ndi phewa ndi mkulu wake, monga kumva ndi zala mpweya wolowa pansi pa khungu, kapena kudziwa nthawi yosiya kulankhula pamaso pa achibale.

Nkhani yolondedwa ithetseni ndi mafunso makamera asanayatsidwe, pakuti safunsa anadya phula. M'zipatala zambiri kamera imakhala yozima kapena yoyang'ana kukhoma, ndipo ikamayatsidwa pamalira kabelu, kenako wa kutaliyo amadzitchula dzina, monga mmene munthu amaodira asanalowe m'chipinda. Funsani ngati zidzakhala choncho kwanuko. Funsani ngati zithunzi ndi mawu zidzasungidwa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndani angazione, komanso ngati zingagwiritsidwe ntchito pa mlandu wa wantchito. Funsaninso ngati muli ndi ufulu wopempha kuti kamera izime mukamasambitsa wodwala, mukamamusintha, kapena banja likamatsanzikana ndi wokondedwa wawo. Ulemu wa wodwala suchepa chifukwa chakuti wagonekedwa ndi mankhwala, ndipo amene ali maso ayenera kuuzidwa, pamodzi ndi achibale ake, kuti kuli anthu ena amene amamuona ndi chifukwa chake. Wodwala wosokonezeka maganizo, zimene zimachitika kwambiri mu ICU, akhoza kuchita mantha aakulu akamva mawu ochokera pakhoma popanda nkhope, choncho muzimufotokozera nthawi iliyonse, ngakhale mutamuuza kale dzulo. Ngati kungatheke, pemphani kuti anamwino a pabedi akaone chipinda cha kutalicho, ndipo a kumeneko adzagwireko shifiti pa wodi yanu. Ine mkwiyo wanga unatha tsiku limene ndinaona nkhope ya mwini mawu aja ndi kuchuluka kwa odwala amene anali pa masikirini ake.

Chinthu chimodzi chimene muyenera kuumirira kuti chilembedwe ndi chakuti mawu a ndani ndiwo otsiriza. Dokotala wa kutali akalamula china, ndipo dokotala wa pamalo analamula china masana, namwino ndiye amatsala pakati ndi jakisoni m'manja. Dongosolo la chipatala linene momveka ngati a kutali ali ndi mphamvu yolamula mankhwala kapena amangopereka uphungu. Lamulo lililonse la pakamwa mulibwereze mokweza, dzina la wodwala, mankhwala, mlingo ndi njira yoperekera, kenako mulembe dzina la wolamulayo ndi nthawi. Ngati zimene mwauzidwa zikutsutsana ndi zimene maso anu akuona, nenani zimene mukuonazo, ndipo ngati simunamvane, itanani dokotala wa pamalo kapena mkulu wa wodi. Udindo wanu pa mankhwala amene mwapereka ndi dzanja lanu susamuka chifukwa chakuti lamulo linachokera pa sikirini. Chenjeraninso ndi maganizo akuti "akuona a kutali aja", pomwe iwonso akuganiza kuti inu muli pomwepo ndipo mwaona kale. Odwala agwera m'mpata umenewu.

Kulemba pakompyuta kuli ndi ubwino umene sitingaukane. Zolemba zimawerengeka, zotsatira za ku labu sizisochera, ndipo kusikana kachingwe ka padzanja la wodwala musanapereke mankhwala kwateteza anthu ambiri. Kafukufuku wa pa chipatala cha Brigham and Women's ku Boston, wa mu 2010, anapeza kuti njira yosikanayi inachepetsa ndi pafupifupi 41 peresenti zolakwika za popereka mankhwala, kupatula zokhudza nthawi. Koma chitetezo chimenechi chimatha tikayamba kudula njira. Ndinaonapo kachingwe kachiwiri ka wodwala katamatidwa patebulo kuti namwino asavutike kufika padzanja, ndipo zikatero makina amavomereza mankhwala popanda kudziwa amene agona pabedipo. Manambala amene monita imatumiza yokha m'kompyuta muziwatsimikiza musanawasaine, chifukwa ngati kachipangizo koyezera kuthamanga kwa magazi mumtsempha katsetserekera pansi pa bedi, nambala yabodza idzalowa m'mbiri ya wodwala, ndipo wina ali kutali adzalamula mankhwala potengera yomweyo. Pampu ya diripi imawerengera bwino mlingo, koma ngati mwalowetsa kulemera kolakwika, idzapereka mlingo wolakwikawo mokhulupirika usiku wonse. Kukopera zolemba za dzulo n'kuziika lero kumabisa kusintha kumene tikufuna kuona. Ndipo ngati kompyuta yaikidwa moti mukamalemba mwafulatira wodwala, pemphani kuti isunthidwe, chifukwa maola amene timakhala tikulemba ndi ambiri.

Pali kachipangizo kamodzi kamene ndikufuna muzikakayikira mwapadera, kopana chala kaja koyezera okosijeni, pulse oximeter. Kamagwira ntchito powalitsa kuwala kudutsa pakhungu, choncho chala chozizira, kuchepa kwa magazi ofika ku zala, kugwedezeka ndi utoto wa m'zikhadabo zimakasokoneza. Khungu lakuda nalonso limakasokoneza, ndipo izi ndi zoopsa chifukwa kamalakwira mokweza nambala. Ofufuza a ku University of Michigan analengeza mu December 2020 kuti pamene kachipangizoka kankasonyeza pakati pa 92 ndi 96, magazi otengedwa mumtsempha ankasonyeza okosijeni wotsika kuposa 88 mwa odwala akuda pafupifupi 12 mwa 100 alionse, poyerekeza ndi azungu osakwana 4 mwa 100. Wa kutali akuona 94 ndipo mtima wake uli m'malo. Inu mukuona munthu akupuma mofulumira, mphuno zikutukumuka, mapewa akukwera ndi kutsika, lilime ndi mkati mwa milomo mwasintha mtundu. Khulupirirani maso anuwo, ndipo pemphani kuti ayezedwe mpweya wa m'magazi a mumtsempha.

N'chimodzimodzi ndi mapulogalamu olosera, amene masiku ano akuwatchula kuti AI. Ena ndi othandiza, koma samagwira ntchito mofanana kulikonse. Mu 2021 ofufuza a ku University of Michigan komweko anaunika pulogalamu ya kampani ya Epic yochenjeza za sepsis (matenda oopsa a m'magazi aja), imene inkagwiritsidwa ntchito m'zipatala zambiri, ndipo anapeza kuti inaphonya odwala awiri mwa atatu alionse amene analidi ndi matendawa, pomwe inkachenjeza pa odwala 18 mwa 100 alionse ogonekedwa m'chipatala. Chenjezo la kompyuta likhale chifukwa chopitira kukaona wodwala, koma kukhala chete kwake kusakhale chifukwa chokhalira pansi.

Konzekeraninso tsiku limene zonse zidzazima, chifukwa tsikulo limafika. Mu May 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'zipatala zambiri za ku Britain, ndipo pa 19 July 2024 vuto la pulogalamu ya kampani ya CrowdStrike linazimitsa makompyuta m'maiko ambiri, zipatala zomwe. Netiweki ikhoza kuduka, magetsi akhoza kuzima, ndipo a kutali aja adzangosowa mwadzidzidzi. Dziwani pamene pali mafomu a pepala, ndipo onetsetsani kuti anamwino amene sanalembepo tchati cha pamanja aphunzitsidwa. Pabedi lililonse pakhale ambu bag yathunthu. Musaiwale kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi makina a pamanja, kuwerenga kugunda kwa mtima ndi zala, ndi kuwerengera madontho a diripi popanda pampu. Dziwani kuti batire la makina opumira ndi la mapampu anu limakhala nthawi yaitali bwanji. Ndiwonjezere pano za foni ya m'thumba, poti nayonso ndi telemedicine imene ambiri timachita mosaganizira: kujambula bala kapena X-ray ya wodwala n'kutumiza pa WhatsApp kumafulumizitsa uphungu, koma chithunzicho chimatsala m'foni mwanu ndi mwa anzanu. Gwiritsani ntchito njira imene chipatala chavomereza, musaonetse nkhope kapena dzina, musabwereke mnzanu pasiwedi yanu, ndipo foni ndi kiyibodi muzizipukuta, chifukwa zimanyamula tizilombo kuchoka pa bedi lina kupita pa lina.

Mbali ina ya makinawa imakhudza mtima wa namwino mwini. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utatseka zitseko za zipatala kwa achibale, anamwino ambiri tinagwira tabuleti pafupi ndi nkhope ya wodwala kuti ana ake atsanzikane naye pa kanema. Chinali chifundo chachikulu kwa mabanjawo, ndipo ndikanachitanso lero. Koma amene wagwira tabuletiyo amamva mawu onse, dzanja likunjenjemera, ndipo akatha amapita pa bedi lotsatira ngati sipanachitike kanthu. Ngati wodi yanu iyamba kulumikiza mabanja pa kanema, pakhale nthawi yoikika, pakhale kukonzekeretsa achibale za zimene aone, machubu ndi kutupa kwa nkhope, ndipo ntchitoyo isamagwere munthu mmodzi yemweyo nthawi zonse.

Tsono za usiku uja, uphungu wanga ndi wakuti muuze mkulu wa wodi yanu, ndipo ngati chipatala chili ndi fomu yolembapo ngozi zimene zinatsala pang'ono kuchitika, mulembe. Musalembe ngati wodziimba mlandu, koma fotokozani kuti monita ya bedi lakuti inalira kangati, chifukwa chiyani, munali ndi odwala angati, ndipo munali mutagwira maola angati. Mudzapeza kuti si inu nokha, ndipo lipoti lotere ndilo limachititsa kuti wodi ikhale pansi n'kuunikanso malire a maalamu. Monita kapena pampu imene ikulira mosalekeza mutakonza zonse za pa wodwala, kapena imene manambala ake akusiyana ndi zimene mwayeza pamanja, muichotse pa wodwala, muilembe chizindikiro, ndipo muitane amisiri a makina a chipatala tsiku lomwelo. Musavomere kugwiritsa ntchito chipangizo chatsopano musanaphunzitsidwe, ndipo maphunzirowo afike kwa a shifiti ya usiku omwe, amene kawirikawiri amaiwalika. Ngati odwala pa namwino mmodzi achulukitsidwa chifukwa cha makamera, kapena zithunzi zayamba kugwiritsidwa ntchito poopseza antchito, yambani ndi akuluakulu a unamwino pa chipatala chanu mwa kalata, ndipo zikakanika pitani ku bungwe loimira anamwino kapena ku khonsolo imene inakupatsani chiphaso.

Inuyo mudziyang'anirenso. Kumva alamu m'makutu muli kunyumba kamodzikamodzi kumachitikira ambiri a ife. Koma ngati tulo takusowani kwa milungu ingapo, mukuchita mantha poganiza zopita ku ntchito, mwayamba kuuma mtima kwa odwala, kapena nkhani ya usiku uja ikubwerabe m'maganizo mosalekeza, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala, ndipo pemphani kuti mashifiti anu a usiku aunikidwenso. Makamera akadzayatsidwa, mudzandilemberenso patapita miyezi itatu, mundiuze zimene a kutaliwo aona inu musanaone, ndi zimene inu mwaona iwo asanaone.